Makamera asintha, nanga bwanji mafilimu athu ambiri sakufikabe pa akunja?

Wa pa Kamuzu Road, Salima

Akuluakulu odziwa za kanema, tandimasulireniko izi. Filimu ya ku America ya m'ma 1970 ukaiika pa TV ya masiku ano imaoneka bwinobwino, mpaka makwinya a pankhope. Koma sewero la kwathu konkuno la m'ma 2003 limangooneka mbuu, mitundu yosuluka, anthu onenepa mwachilendo. Tinkati vuto ndi makamera. Pano achinyamata a magulu a zisudzo kuno ku Salima akujambula ndi makamera a 4K, ena ndi foni zodula, koma zikafika pa TV kumwamba kumayera mbee, nkhope kuda bii, mawu kumira m'mphepo ya kunyanja. Akunja atsopanowa nawonso aonjeza mdima, ndipo anthu akamayankhula sumva mpaka utakweza voliyumu, kenako bomba likaphulika ana onse kudzuka. Chasintha n'chiyani kwenikweni? Nanga gulu la ndalama zochepa liyambe kugula chiyani?

Mkonzi wa paboma, Nkhotakota

Achimwene, nkhani si zaka ayi. Mwaika pamodzi zinthu ziwiri zosiyana, filimu ndi tepi.

Ya m'ma 1970 ija inajambulidwa pa filimu yeniyeni ya 35mm, lamba uja wokulungidwa pagudumu, zithunzi 24 pa sekondi. Lambayo amasunga zambiri kuposa zomwe TV za nthawi imeneyo zinkatha kuonetsa, ndiye eni ake akamutulutsa lero n'kumusikana pa 4K, zonse zija zimatuluka poyera. Analinso wodula. Gudumu la mafiti 1,000 limatha m'mphindi pafupifupi 11, ndipo zomwe mwajambula simuziona mpaka litakatsukidwa ndi mankhwala. Munthu sankayatsa kamera mwachisawawa. Ankayamba ayeserera, aika magetsi, ayeza mtunda wochoka pa lenzi kufika pankhope, ndiye n'kuyatsa. Kadi ya masiku ano umangofufuta n'kuyambiranso, ndipo ambiri mwambo wokonzekera uja anausiyira gudumu lomwelo.

Zathu za m'ma 2000 zinali za tepi. TVM (Television Malawi) inayamba kuulutsa mu 1999 pa dongosolo la kanema lotchedwa PAL, mizere 576, zithunzi 25 pa sekondi, chithunzi chilichonse chogawidwa pawiri: kaye mzere woyamba, wachitatu, wachisanu mpaka pansi, kenako yotsalayo. Ojambula ambiri odziyimira pawokha ankagwiritsa timatepi ta MiniDV, timadontho 720 x 576, ola limodzi kudya malo pafupifupi 13 GB. Zimenezo sizinali zonyansa. Chinkapha ndi kogulitsira. Sewero linkafika kwa anthu pa VCD, yomwe ndi 352 x 288 basi, timadontho tongopitirira 100,000. TV ya Full HD ili ndi 1920 x 1080, toposa 2 miliyoni. Kadontho kamodzi ka VCD kakukakamizidwa kudzaza malo a timadontho 20, ndiye mbuu mukunenayo. TV zakale zotupa kumbuyo zija zinali zazing'ono ndipo galasi lake linkafewetsa zonsezi. Za VHS ndiye musanene, chifukwa tepi ikakoperedwa kuchokera ku inzake, mitundu inkatayika pa kope iliyonse. Mafilimu a ku Nigeria a m'ma 1990 anadutsa njira yomweyo, n'chifukwa chake nawonso lero amaoneka chimodzimodzi.

Kunenepa kwa anthu kuja si kwa kamera. Zakalezo zinali za 4:3, TV yanu ndi ya 16:9, ndiye ikuzikoka m'mbali kuti zidzaze. Pa rimoti pezani Aspect kapena Picture Size muike 4:3, mulole mbali ziwirizo zikhale zakuda. Mukaonanso timizere tonga mano a chipeso m'mphepete mwa dzanja loyenda, ndi magawo awiri aja a chithunzi omwe TV kapena kompyuta yalephera kuwalumikiza bwino.

Zinthu zinatembenuka mu 2008, Canon itatulutsa 5D Mark II, kamera ya zithunzi wamba koma yojambula kanema wa 1080 ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) yaikulu. Chithunzi chija choonetsa munthu bwinobwino kumbuyo kwake kuli kofewa, chomwe kale chinali cha makampani olemera okha, chinafika kwa aliyense. Kenako kuulutsa kunasamukira ku digito, mayiko atagwirizana kuti tsiku lomaliza kusamuka likhale 17 June 2015, ndipo kuno tinaona madikoda a Kiliye Kiliye. Chithunzi chakuthwa chinatchipa motero. Zomwe sizinatchipe ndi zomwe anzanga ena anene pansipa.

Wojambula wa ku Senga Bay

A Mkonzi afotokoza zakale. Ine ndiyankhe za kumwamba koyera ndi nkhope zakuda, chifukwa zimenezo 4K siichiza. 4K ndi chiwerengero cha timadontho basi, 3840 x 2160.

Diso la munthu limaona mtambo wowala ndi nkhope ya mumthunzi nthawi imodzi. Kamera imayenera kusankha. Ikatsata kumwamba nkhope imada, ikatsata nkhope kumwamba kumapsa. Makamera akuluakulu monga Arri Alexa ya 2010 amapirira kusiyana kokulirapo, komabe nawonso amathandizidwa. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 inajambulidwa ku Kasungu, dzuwa lomweli, fumbi lomweli, khungu lomweli. Mafilimu a msinkhu umenewo amakhala ndi gulu lonse la anthu omwe ntchito yawo ndi kutchinga kuwala apa, kukubwezera apo. Ife timafuna kamera ichite yokha ntchito ya anthu asanu.

Yambani ndi nthawi, yomwe ndi yaulere. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota nyanja ili kum'mawa. Mukaloza kamera kunyanja 7 koloko m'mawa, dzuwa ndi madzi onyezimira zili kumbuyo kwa wosewera, nkhope iyenera kuda basi. Kuyambira cha m'ma 3 koloko masana dzuwa lapita kumtunda, lili kumbuyo kwa kamera, nkhope imawala ndipo nyanja imatuluka yabuluu. Pakati pa 10 ndi 2 koloko dzuwa lili paliwombo, maso amalowa m'maenje akuda, mphuno kuponya mthunzi pamlomo. Nthawi imeneyo jambulani zam'nyumba kapena pakhonde. Pansi pa mtengo samalani, chifukwa mphepo ikagwedeza masamba mawanga a dzuwa amavina pankhope ndipo pokonza sizilumikizana.

Ngati nkhani ikufuna asodzi akutuluka m'madzi m'mawa, bwezani kuwala. Katoni ya mita imodzi mbali zonse yomatidwa pepala loyera, munthu aigwire mita imodzi kapena iwiri kuchoka pankhope, chakumbali, yokwera pang'ono kuposa chibwano. Mukaiika pansi yoloza m'mwamba munthu amaoneka woopsa. Pepala lonyezimira lokulungira chakudya limathobwa, wosewera amatsinzina. Dzuwa likakwera, mangani nsalu yoyera ya mamita awiri pa nsungwi pamwamba pa osewera, ndipo muimange ndithu, mwera suona nkhope.

Pa kamera, chotsani auto. Ikani zithunzi 25 pa sekondi, shutter (nthawi yomwe chithunzi chilichonse chimalandira kuwala) 1/50 ya sekondi. Magetsi a ESCOM ndi a 50Hz, mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi, ndipo foni zambiri zimabwera zili pa 30. Mizere yakuda yoyenda pachithunzi cha m'nyumba ija imachokera pamenepo. Ngati mukufuna zoyenda pang'onopang'ono, 50 pa sekondi ndi 1/100.

Koma 1/50 padzuwa la kunyanja imalowetsa kuwala kochuluka zedi. Pa ISO (muyezo wa momwe kamera imakulitsira kuwala) 100 mungafunike kutseka bowo la lenzi mpaka f/22 (nambala ikamakula bowolo limachepa), ndiye kachifumbi kalikonse ka pa sensa kaonekera. Kamera ya auto imathawira ku 1/2000, ndipo anthu amayenda modukizadukiza. Mankhwala ake ndi ND filter, kagalasi kakuda kochepetsa kuwala, kopotokolera patsogolo pa lenzi. ND32 ikufikitsani pa f/4, ND64 pa f/2.8. Onani kukula kwa kamwa la lenzi yanu musanagule, nambala yake imalembedwa pachivindikiro, monga 58 kapena 67.

White balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala kwa pamalopo, muikhome: 5600K panja, 3200K pa mababu achikasu. Ikasiyidwa pa auto, mtsikana wovala chitenje chofiira akangolowa khoma limasintha mtundu. M'chipinda chimodzi musasakanize mababu oyera ndi achikasu, ndipo ma LED otchipa kwambiri amapaka khungu lathu kobiriwira kosachoka. Pa nyali yojambulira yang'anani CRI (muyezo wa momwe nyali imaonetsera mitundu molondola) ya 95 kupita m'mwamba. Usiku musakweze ISO mpaka 6400 n'kumati ndi luso. Nyali imodzi chakumbali, ina yaing'ono kumbuyo kuti mutu usiyane ndi mdima, ISO pansi.

Chinanso chomwe chawononga mafilimu ambiri atsopano ndi Log, kajambulidwe kotuwa dala kofuna kubwezeredwa mitundu pokonza. Anyamata anamva kuti akatswiri amajambula mu Log, ndiye amajambula n'kutulutsa zili zotuwa choncho osazibwezera mitundu. Ndipo kamera ikakhala ya 8-bit, mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha pomwe 10-bit ili ndi 1,024. Mukaikoka Log ya 8-bit, kumwamba kwa madzulo kumang'ambika n'kukhala mikwingwirima. Ngati palibe wodziwa kukonza mitundu, jambulani mu Standard kapena Neutral.

Mu October ndi November makamera ang'onoang'ono amazima okha pa 4K chifukwa cha kutentha. Ambulera pamwamba, sikirini yotsegulidwa kuti thupi la kamera lipume, ndipo 1080 yojambulidwa bwino imakwana. 4K ya 100 Mbps imadya 45 GB pa ola ndipo imafuna kadi yolembedwa V30. Lenzi musasinthire pamchenga.

Zoyamba kugula, ine ndikuti tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), ND ndi batire zitatu. Drone ibwere pambuyo, filimu iliyonse siyenera kuyamba ndi nyanja yoonedwa kuchokera kumwamba.

Mayi wa zamawu, Dwangwa

A ku Senga Bay, pa nsalu ndi ND tili limodzi, koma pa zoyamba kugula tasiyana. Munthu amapirira chithunzi chofooka mpaka filimu kutha. Mawu osamveka sawapirira mphindi zisanu. Ndalama yoyamba ipite ku maiki ndi mahedifoni.

Vuto lalikulu ndi mtunda. Mtunda wochoka pakamwa kufika pa maiki ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi 6 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu), pomwe mafunde, kabaza wanjinga yamoto ndi tambala zimakhala pomwepo. Maiki yomangidwa pa kamera mamita atatu imalandira mawu ochepera ndi 15 dB poyerekeza ndi yomwe ili masentimita 50 pamwamba pa mutu. Pokonza mukakweza mawuwo mumakwezanso nyanja yonse. Ndiye shotgun, maiki yaitali yomva kwambiri komwe yaloza, ichoke pa kamera, ipite pa boom, ndodo yoipachikira pamwamba pa osewera. Nsungwi yowongoka ya mamita atatu imagwira ntchito, bola maiki ipachikidwe pa malabala kuti kugwira kwa manja kusamveke, ndipo chingwe chikulungidwe pansungwipo chisamagunde. Iloze pachifuwa kuchokera pamwamba, chifukwa ikaloza chammbali imatola zonse zili kumbuyo kwa munthu. Woigwira adziwe sewero pamtima kuti aitembenuze wina asanayambe kuyankhula.

Kasiponji kakuda kobwera ndi maiki kaja n'ka m'nyumba. Panja pamafunika chovala chaubweya, makamaka nthawi ya mwera kuyambira May mpaka August. Yatsaninso low cut ya 80Hz kapena 100Hz, imachotsa kugunda kwa mphepo osakhudza mawu a munthu. Mukajambula pagombe, wogwira boom atembenuzire maiki kumtunda, mafunde akhale kumbuyo kwake. Maiki zazing'ono zobisa m'malaya zimathandiza pa chithunzi chakutali, koma nsalu zoterera zimakhuluzana nazo. Imateni ndi pulasitala wakuchipatala pakati pa chifuwa, chingwe chipange kamkombero kakang'ono.

Pa rekoda ikani 48kHz, 24-bit, mawu okwera afike cha pa -12 dB. Akagunda 0 aphwanyika ndipo sakonzeka. Malo a maliro, ndewu ndi nthungululu tsitsiranitu. Asanayambe kusewera wina awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti mkonzi alumikize mawu ndi chithunzi. Pomaliza pamalo aliwonse, onse akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la pamalopo. Mkonzi amaliyala pansi pa zokambirana kuti pasamamveke dzenje wina akasiya kuyankhula.

Nyumba zathu za simenti ndi malata zimabweza mawu. Yalani mabulangete pansi pomwe kamera siona, ena muwapachike kuseri kwa kamera. Filiji ndi fani zizime. Malata amalira tetete dzuwa likatentha kapena mtambo ukadutsa, ndiye wa mahedifoni akhale ndi mphamvu zoimitsa sewero. Jenereta ikhale kuseri kwa nyumba ina, pa nthambo ya mamita 30 kapena 50.

Za akunja osamveka aja, zifukwa zake zilipo. Kale osewera ankatulutsa mawu kuti afike pa boom. Lero ali ndi maiki m'malaya ndiye amanong'ona, otsogolera n'kumati ndi zenizeni. Kenako mawu amasakanizidwa m'chipinda chachete, pa masipika asanu ndi imodzi (5.1), zoyankhula zili ndi sipika yakeyake yapakati. Zikafika pa TV yopyapyala ya timasipika tiwiri toloza pansi, zoyankhulazo zimapanikizidwa pamodzi ndi nyimbo ndi mabomba. Pa TV yang'anani Clear Voice, Night Mode kapena Auto Volume, ndipo ngati filimu ili ndi mawu a Stereo sankhani amenewo. Inu pokonza zanu musatengere zimenezo. Anthu anu akuonera pa foni ndi m'mavidiyo sho momwe ana akusokosera, ndiye nyimbo ikhale pansi ndithu pa mawu. Muyezo wa kukwera kwa mawu a filimu yonse ku nyumba zambiri zoulutsa ndi -23 LUFS, pomwe YouTube imayendera cha pa -14, choncho tulutsani makope awiri.

Wa pa Kamuzu Road, Salima

Zikomo mayi, zikomo akuluakulu. Katsala aka: filimu imaoneka bwino pa laputopu ya mkonzi, koma ikazungulira kwa obena n'kufika pa TV ya munthu yasanduka timabokosi. Imawonongekera pati? Nanga matepi akale aja angapulumuke?

Mkonzi wa paboma, Nkhotakota

Imawonongekera panjira, achimwene. Nthawi iliyonse yomwe fayilo yapanikizidwa kuti ichepe, pali zomwe zimatayidwa ndipo sizibwerera. Mkonzi atulutsa, wina atumiza pa WhatsApp ngati vidiyo, WhatsApp ipanikiza. Wina aika pa Facebook, ipanikizanso. Wobena aitsitsa pamenepo n'kuichepetsanso kuti mu memori kadi mulowe mafilimu makumi awiri. Zoyamba kufa ndi malo amdima, madzi oyenda ndi masamba, chifukwa ndi zomwe zimafuna malo ambiri. Filimu ya kunyanja ili nazo zonse zitatu.

Tulutsani makope atatu kuchokera pa kompyuta yokonzera, osati ina kuchokera ku inzake. Yoyamba ndi yosunga, yaikulu, pa ma hard drive awiri okhala nyumba zosiyana. Yachiwiri ya YouTube, yopanikizidwa mu njira ya H.264, 1080, osachepera 8 Mbps. Yachitatu ya pa fulashi, H.264 yomweyo mu MP4, mawu a AAC, cha pa 5 Mbps. Pa muyezo umenewo filimu ya mphindi 90 imakhala pafupifupi 3.5 GB, ndipo nambalayi ili ndi chifukwa: fulashi yofomatidwa pa FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB, pomwe TV zambiri zakalepo siziwerenga exFAT. H.265 ndi yabwino koma TV zomwezo zimangotulutsa mawu popanda chithunzi. Pa WhatsApp tumizani ngati Document. Obena muwapatse nokha kope ya 720 yochepa koma yoyera, apo ayi achepetsa okha mwa njira yawo.

Mdima wa akunja uja nawonso pang'ono ndi wapanjira. Makamera a lero amaona m'kuwala kochepa, ndiye ojambula anachepetsa magetsi, ndipo mitundu imakonzedwa m'chipinda chamdima pa sikirini yodula ya HDR, yotha kuonetsa zowala kwambiri ndi zamdima nthawi imodzi. Mu 2019 anthu dziko lonse anadandaula ndi nkhondo ya usiku ya mu sewero la pa TV la Game of Thrones pa chifukwa chomwechi. Kope ya HDR ikaikidwa pa TV yosadziwa HDR imaoneka yotuwa kapena yakuda. Sankhani kope wamba, tsekani makatani, ndipo pa TV muchoke pa Vivid mupite pa Movie kapena Cinema. Zimitsaninso Motion Smoothing, ena amati TruMotion kapena Motionflow, yomwe imapeka zithunzi zapakati n'kuchititsa filimu kuoneka ngati nkhani za pa TV.

Pali china chomwe anzangawa sanakhudze, ndipo mkonzi ndi amene amachilira. Ambiri amaimika kamera malo amodzi, sewero lonse lichitike ngati papulatifomu. Zokambirana za anthu awiri zijambulidwe katatu: chakutali onse akuoneka, chapafupi cha uyu, chapafupi cha uyo, sewero lonse kuyambira poyamba ulendo uliwonse. Kamera isadumphe mzere wolumikiza anthu awiriwo, ikadumpha onse amaoneka ayang'ana mbali imodzi. Wina akhale ndi kope ndi foni, azijambula zovala, mbale ya nsima yafika pati, duku lamangidwa mbali iti. Onjezani tizithunzi ta manja, ta chitseko, ta ukonde, ndi timene timabisa podula. Mafilimu a kuno omwe anapambana mphoto ya AMVCA (Africa Magic Viewers' Choice Awards) ya kumwera kwa Africa, ya Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi ya Shemu Joyah mu 2018, aonereni ndi diso limeneli, muziwerenga kuti kamera yasuntha kangati pa zokambirana zimodzi.

Matepi angapulumuke ngati chinyezi cha kunyanja sichinawadye. Yang'anani pawindo la kaseti. Mukaona zoyera ngati ufa, ndi nkhungu, musaiike m'makina chifukwa ipaka mitu yowerengera n'kuwononganso matepi otsatira. MiniDV yabwino ilowetsedwe mu kompyuta pa chingwe cha FireWire, imakopera ndendende popanda kutaya kanthu, ola la tepi ola la kudikira. VHS imafuna deki yoyeretsedwa mitu ndi kabokosi kolowetsera pa USB, koikidwa pa PAL, 720 x 576. Ngati tepi yoyambirira ilipo musakopere ku VCD. Sungani fayilo yoyambayo osaikhudza, ndipo pa kope yoonetsa chitani deinterlace (kukonza magawo awiri aja a chithunzi) kupita ku zithunzi 50 pa sekondi, musiye pa 4:3.

Wojambula wa ku Senga Bay

Mayi a ku Dwangwa, pa maiki ndagonja, koma tripod isachoke pa nambala 2. Ndiwonjezere kamodzi kwa ojambula ndi foni. Kamera ya foni yobwera nayo imasinthasintha liwiro la zithunzi ikatentha kapena kukada, ndiye pa sewero lalitali mawu a pa rekoda amayamba kutsogola milomo. Gwiritsani pulogalamu yolola kukhoma 25, shutter ndi white balance, monga Blackmagic Camera kapena Open Camera, ndipo musanayambe kudula dutsitsani mafayilo mu pulogalamu ya HandBrake pa Constant Framerate. Foni ikhale pa flight mode, yotuluka m'chikwama chake kuti isatenthe, HDR yozima, ndipo chidutswa chilichonse chisapitirire mphindi zisanu.